Bala ya padenga ikhale, koma masipika atsike pansi

Nthawi iliyonse wamalonda akapempha laisensi yoti atsegule bala pamwamba pa nyumba yosanja, m'dera la mzinda limene anthu amakonda kukachezera usiku, mkangano wake umakhala womwewomwewo, kaya ndi ku London, ku Sydney kapena ku Mumbai. Anthu okhala pafupi amathamangira ku khonsolo kukadandaula kuti tulo sadzationanso. Eni malonda amayankha kuti mzinda wogona ndi nkhuku sukoka alendo, ndipo amawerengetsa ntchito zimene achinyamata adzapeze pamalopo. Ena amalowetsapo nkhani ya uchidakwa, ena ya ngozi za moto, enanso amati malo otere ndi a anthu a ndalama okhaokha. Khonsolo ikapanikizidwa, njira yachidule imakhala kusankha chimodzi mwa ziwiri: kukana pempho lonse, kapena kupereka laisensi yofanana ndi ya kalabu ina iliyonse ya pansi. Njira ziwiri zonsezi ndi zolakwika. Maganizo anga ndi akuti bala ya padenga ndi chinthu chabwino kwa mzinda, ndipo dera la zisangalalo za usiku ndiye malo ake oyenera, koma iyenera kukhala ndi malamulo akeake pa zinthu ziwiri. Nyimbo zokweza zizitha msanga n'kusamukira m'kati mwa nyumba, ndipo chiwerengero cha anthu ololedwa kukwera chizitengera kukula kwa masitepe otsikira, osati kukula kwa denga.

Tiyambe ndi funso limene mbali zonse zimalidumpha: kodi munthu amakwera kumeneko kukafuna chiyani? Si mowa ayi, chifukwa mowa womwewo ukugulitsidwa pakhomo lililonse mumsewu wapansi, kawirikawiri pamtengo wotsika. Amene anakwerako akudziwa mmene zimakhalira. Pansi mumasiya chipiringu, mahutala a matakisi ndi utsi wa galimoto. Mumalowa m'chikepe, makutu amatseka pang'ono, ndiyeno chitseko chikatseguka chimene chimakulonjerani ndi mphepo. Timapepala topukutira pakamwa timakhala titatsindiridwa ndi botolo kuti tisauluke. Anthu amasiya mipando yawofuwofu ya pakati n'kukaunjikana m'mphepete, pa kampanda ka galasi, kumaloza misewu imene amayendamo tsiku ndi tsiku ngati akuiona koyamba. Malonda enieni a malo amenewa ndi mpweya ndiponso zimene maso amaona. N'chifukwa chake alendo amafola pamzere kuti akwere ku Sky Bar ya ku Bangkok, pansanjika ya 63, kapena pamwamba pa Marina Bay Sands ku Singapore, hotela imene inatsegulidwa mu 2010, komwe bala ili pansanjika ya 57. Ndipotu zimenezi si za lero. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, makina oziziritsa m'nyumba asanafale, nyumba za zisudzo za ku New York zinkatentha kwambiri m'chilimwe moti eni ake anayamba kukonza malo ochezera pamadenga. Madison Square Garden imene inatsegulidwa mu 1890 inali nawo malo otere. Oimba analipo, koma ankaimba ndi zida zawo zokha, chifukwa zokuzira mawu zamagetsi kunalibe. Anthu ankakwera kutsata mphepo. Masipika ndiwo mlendo padengapo, ndipo ndi amene abweretsa milandu yambiri.

Tsopano timve oyamba kutsutsa, omwe ndi anthu okhala pafupi. Iwo amati bala yopanda makoma ndi denga ilibe chotsekereza phokoso, choncho isaloledwe m'pang'ono pomwe kumene kuli nyumba zogona anthu. Dandaulo lawo ndi loona ndipo sindikufuna kulichepetsa, chifukwa sayansi ili kumbali yawo. Kalabu ya pansi ili ndi makoma a simenti ndi zitseko zimene zimameza phokoso lambiri lisanatuluke. Padenga, mawu amachoka pasipika n'kuyenda molunjika mpaka pawindo la munthu, osakumana ndi chotchinga. Kuwonjezera apo, usiku wabata mpweya wa pafupi ndi nthaka umazizira kuposa wa m'mwamba, ndipo zimenezi zimapinda mawu kuwabwezera pansi, n'chifukwa chake nyimbo imene masana simungaimve imafika kutali usiku. Besi ndiye woopsa kwambiri, popeza mawu okhuthala amadutsa galasi la windo mosavuta kuposa mawu opyapyala. Munthu amatseka mawindo onse, nyimbo yeniyeni osaimva, koma kugunda kwake kumangomveka pachifuwa, gu gu gu, mpaka tambala woyamba. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2009 kuti phokoso la usiku kunja kwa nyumba yogona lisamapitirire ma decibel 40 (decibel ndi muyeso wa kukula kwa phokoso) pa avareji ya chaka, chifukwa likakwera kuposa pamenepo tulo timasokonekera ndipo thupi limayamba kuvutika. Namwino amene alowe ntchito m'mawa kwambiri, mwana amene ali ndi mayeso, nkhalamba yodwala mtima, onsewa sakupempha zapamwamba. Akupempha kugona basi.

Komabe taonani kumene mfundo yawo ikuloza. Ikuloza pa sipika, osati pa denga. Pamalo opanda chotchinga, mphamvu ya mawu imatsika ndi ma decibel pafupifupi 6 nthawi iliyonse mtunda ukawirikiza kawiri. Tiwerengere. Sipika imene ikutulutsa ma decibel 100 pa mita imodzi, mlingo wa m'kalabu yovinira, iyenera kutalikirana ndi windo lanu pafupifupi kilomita yathunthu kuti phokosolo litsike kufika pa 40. Sipika yomweyo ikatsitsidwa kufika pa ma decibel 80, mtunda umenewu umakhala mamita 100 okha. Mphepo ndi nyumba zina zimasintha manambalawa pang'ono, koma chithunzi chake n'chomwecho: kutsitsa ma decibel 20 kumachepetsa kakhumi mtunda umene phokoso limafika. Pali china chimene aliyense wocheza m'malo aphokoso anachionapo. Nyimbo ikakwera, anthu nawo amakweza mawu kuti amvane, ndipo tebulo lililonse limafuula kuti lipose loyandikana nalo. Nyimbo ikatsika, kufuulako kumatsika kokha popanda wowauza. Choncho khonsolo ili ndi chida chabwino kuposa kukana. Ingalembe mu laisensi kuti ikakwana nthawi yakutiyakuti, tinene 10 kapena 11 koloko usiku, padenga pazingomveka nyimbo ya chapansipansi yolola anthu kucheza, ndipo DJ ndi ovina alowe m'chipinda chotsekedwa nsanjika imodzi pansi. Ingalamule kuti pamakina pamangidwe kachipangizo koletsa voliyumu kupitirira mlingo woikidwa, kotsekedwa moti manijala sangakasinthe usiku ukakoma. Zipangizo zotere zilipo kale ndipo makhonsolo a ku Britain amazilemba m'malaisensi. Kuletsa bala yonse chifukwa cha sipika n'kulanga anthu mazana amene anangobwera kudzapuma mphepo.

Gulu lachiwiri likuchokera mbali inayo. Eni mabala ndi owaikira kumbuyo amati walira mvula walira matope: munthu amene wasankha kukhala m'dera lodziwika ndi makalabu sangadzuke mawa n'kumafuna bata la kumanda. Amati madandaulo a anthu ochepa obwera kumene apha malo ambiri oimbira nyimbo amene anakhalapo zaka makumimakumi. Pamenepanso pali choonadi, ndipo mayiko ena anachivomereza m'malamulo awo. Boma la Victoria ku Australia mu 2014, ndiponso England mu 2018, analemba m'malamulo a zomangamanga mfundo yotchedwa agent of change, yonena kuti amene wabweretsa kusintha ndiye azisenza mtengo wothana ndi phokoso. Mukamanga nyumba zogona pafupi ndi kalabu yakale, udindo woika mawindo ochindikala ndi wanu. Mfundo imeneyi ndimagwirizana nayo ndi mtima wonse. Koma eni mabala a padenga amaiwala kuti mpeni umenewu ndi wakuthwa konsekonse. Nthawi zambiri wobwera kumene ndi iwowo. Denga limene dzulo linali ndi matanki a madzi ndi nkhunda lero lili ndi masipika, pamene anthu a m'nyumba zoyang'anana nalo akhalapo kuyambira kale. Anthuwo anavomera phokoso la mumsewu, la zitseko za matakisi ndi la zidakwa zotsanzikana, ndipo mwina anasankha dala nsanjika ya pamwamba kuti alitalikire. Sanavomere kuti phokoso liwatsatire kumwambako. Chinanso, malire a dera la zisangalalo ali pamapu a khonsolo basi, mawu sawadziwa. Nyimbo yochokera pansanjika ya 20 imadumpha misewu yonse ya makalabu n'kukagwa m'dera lachete limene silinalire mvula iliyonse.

Akagonja pamenepa, eni malonda amatulutsa mabuku a ndalama. Amati lendi ya denga ndi yokwera, mvula ndi chisanu zimawadyera miyezi ingapo pachaka, choncho maola a pakati pa usiku ndiwo amabweza zonse, ndipo popanda DJ anthu amamwa pang'ono n'kumapita. Mawu omalizawa ndi oona kuposa mmene iwo angafunire kuti tidziwe. Kafukufuku wina amene anachitikira m'mabala a ku France, wofalitsidwa mu 2008, anapeza kuti nyimbo zitakwezedwa kuchoka pa ma decibel 72 kufika pa 88, amuna ankamwa mofulumira ndiponso kuitanitsa mowa wambiri. Chifukwa chimodzi n'chosavuta kumva: kucheza kukakanika, pakamwa pamatsala ntchito imodzi. Ndiye kuti voliyumu ndi njira yogulitsira mowa, ndipo mtengo wake amalipira ndi woyandikana nawo nyumba amene sanagule kanthu. Bizinesi imene singapindule pokhapokha italanda tulo ta anthu ena yaika m'mabuku ake katundu yemwe si wake. Komanso sindikukhulupirira kuti padenga pangakhale popanda anthu chifukwa nyimbo yatsika. Nthawi imene malo amenewa amadzaza kwambiri ndi pamene dzuwa likulowa ndi maola otsatira, magetsi a mzinda akuyaka, aliyense atakweza foni m'mwamba kujambula za pa Instagram. Ofuna kuvina mpaka m'bandakucha ali ndi msewu wonse pansipo, ndipo mwini denga wanzeru akhoza kuwasungira chipinda chawo m'nyumba yomweyo.

Gulu lachitatu silikamba za phokoso. Ilo limati bala ndi bala, kaya ili pansi kapena kumwamba, ndipo mzinda suyenera kuwonjezera malo ena omwera mowa pamene mowa ukupha anthu. Nambala zawo n'zoopsa ndithu: WHO inawerengera kuti mu 2019 mowa unachititsa imfa pafupifupi 2.6 miliyoni padziko lonse. Palibe munthu woganiza bwino amene angaseke nkhawa imeneyi. Funso langa ndi lakuti, kodi kutseka denga kumachotsa botolo ngakhale limodzi m'manja mwa munthu? Zimene zinachitika ku Sydney zimatiphunzitsa kusamala. Mu February 2014, anyamata atafa chifukwa chomenyedwa nkhonya mumsewu usiku, boma la New South Wales linalamula kuti m'dera la Kings Cross ndi pakati pa mzinda munthu asalowenso m'bala ikakwana 1:30 usiku, ndipo mowa usagulitsidwe ikapitirira 3 koloko. Ndewu zinachepadi ku Kings Cross, zimenezo tisabise. Koma malo ambiri anatsekedwa, makwalala anachita zii, ndipo chigulu cha omwa chinasamukira m'madera oyandikana nawo monga Newtown. Malamulowo anachotsedwa pakati pa mzinda mu January 2020, ndipo ku Kings Cross mu March 2021. Phunziro lake si lakuti malamulo alibe ntchito, koma lakuti lamulo logwetsa onse pamodzi limasuntha vuto pamene likupha zabwino zomwe. Ngati nkhawa yathu ndi kamwedwe koipa, ndiye kuti malo amene anthu amakhala pansi, akumvana polankhula, woperekera zakumwa akuona nkhope ya aliyense, ndi abwino kuposa chipinda chamdima chodzaza thothotho momwe palibe akudziwa kuti mnzake wamwa angati. Bala ya padenga yotsitsa nyimbo ili m'gulu loyambalo. Otsutsa uchidakwa akanayenera kukhala oyamba kuifuna yotero.

Tifike pa mfundo imene ine ndimaiona kuti ndi yolemera kuposa zonse, ngakhale kuti pamikangano ya malaisensi imabwera kumapeto, anthu atatopa kale. Otsutsa amati kusonkhanitsa anthu omwa mowa pamwamba pa nyumba yosanja n'kuitana tsoka. Amene akuganiza kuti uku n'kukokomeza akumbukire Mumbai. Usiku wa pa 28 kuchera pa 29 December 2017, moto unabuka pamalo otchedwa Kamala Mills, m'dera la Lower Parel, ndipo unawononga malo awiri odyera ndi kumwera a padenga, Mojo's Bistro ndi 1Above. Anthu 14 anafa. Lipoti la ozimitsa moto linanena kuti motowo unayamba ndi makala a hookah, kaliwo wosutira fodya amene utsi wake umadutsa m'madzi, ndipo makalawo anayatsa makatani. Padengapo panali zisakasa za nsungwi ndi malona, zinthu zimene moto umangonyambita kamodzi. Ambiri mwa omwalirawo sanapse, anabanika ndi utsi m'chimbudzi momwe anathawira atasowa potulukira. Nkhani imeneyi imaphwanya chinyengo chimene tonse timakhala nacho tikakhala panja, chakuti poti kumwamba kuli poyera ndiye kuti tili otetezeka. Denga ndi malo akutali kwambiri ndi khomo lotulukira m'nyumba yonse. Moto ukabuka chikepe sichigwiritsidwa ntchito, chifukwa chikhoza kuima pakati magetsi atazima, ndipo mpata wake umakoka utsi. Anthu onse amene anakwera asanu asanu kapena khumi khumi kwa maola atatu ayenera kutsika nthawi imodzi, wapansi, mumdima, ena ataledzera, ena atavala nsapato za gogoda. Ndipo ngati moto wayambira nsanjika za m'munsi, utsi umakwera kudzera m'masitepe omwewo.

Kodi zimenezi zikutanthauza kuti otsutsa apambana? Ayi, chifukwa chimene chinapha anthu ku Kamala Mills si kutalika kwa nyumba, koma zomangira zoyaka msanga, moto wosayang'aniridwa ndi njira zotulukira zosakwanira. Zonsezi ndi zinthu zimene lamulo lingathe kuziletsa popanda kutseka denga. N'chifukwa chake ndikunena kuti chiwerengero cha anthu chizitengera masitepe. Mwini malo akayang'ana denga lake amaona mamita, ndipo mita iliyonse amaiona ngati tebulo lina. Woyendera wa khonsolo ayenera kuyang'ana kwina: masitepe alipo angati, ndi otakata bwanji, kodi ali mbali zosiyana moti amodzi atadzaza utsi ena angagwire ntchito, nanga zitseko zake zimatsegukira kunja? Ngati masitepewo angatsitse anthu 150 bwinobwino, baunsa wa pachikepe asakweze wa nambala 151, ngakhale theka la denga litakhala lopanda munthu. Chisakasa chilichonse chotchingira mvula chikhale cha zinthu zosagwira moto, ndipo mbaula za gasi zotenthetsera alendo zisayandikire makatani. Tisaiwalenso amene ali pansi. Galasi lomwera limene lasiyidwa pa kampanda n'kukankhidwa ndi chigongono limagwera munthu woyenda mumsewu amene sakudziwa n'komwe kuti pamwamba pake pali phwando, choncho matebulo atalikirane ndi m'mphepete ndipo kampandako kakhale kotalika moti munthu wodzandira sangakapitirire. Nafenso okacheza tili ndi mbali yathu. Mukangotuluka m'chikepe, musanathamangire kokajambula, yang'anani chikwangwani cholozera potulukira ndipo mupite mukaone chitsekocho. Mukapeza makireti a mabotolo ataunjikidwa kutsogolo kwake, kapena loko atalendewera, uzani manijala, ndipo akakuyankhani mwamwano tsikani mukamwere kwina. Antchito amakonda kusandutsa kakhonde ka masitepe kukhala sitolo chifukwa padenga malo osungira katundu amasowa, ndipo sachita zimenezi ndi mtima woipa. Koma utsi sufunsa kuti kireti anaika ndani.

Dandaulo lomaliza ndi la mtundu wina, ndipo ndimalimvera chisoni kuposa mmene ndingaliyankhire. Limati mabala amenewa amatenga chinthu cha aliyense, chomwe ndi maonekedwe a mzinda, n'kuchitsekera kuseri kwa baunsa amene amayang'ana nsapato zanu asanayang'ane nkhope. Amene anamanga misewu imene ikuwala pansipo, amene amaisesa m'mawa, sangakwanitse ngakhale chakumwa chimodzi kumwambako. N'zoona, ndipo malamulo a kavalidwe nthawi zina amangokhala njira yaulemu yosankhira anthu. Koma funsani kuti dengalo likanakhala chiyani popanda bala. Silikanakhala paki ya anthu onse. Likanakhala lokhoma ndi loko, kiyi ali ndi mlonda, kapena likanakhala khonde la munthu mmodzi wolemera amene wagula nsanjika yonse ya pamwamba. Bala, ngakhale yodula, imatsegula chitseko chimene chinali chotseka kwa aliyense. Ndipo khonsolo ikafuna ikhoza kuchitsegula kwambiri. Ku London, nyumba ya pa 20 Fenchurch Street inaloledwa kumangidwa pa mgwirizano woti pamwamba pake pakhale malo a anthu onse, ndipo kuyambira 2015 munthu amakwera ku Sky Garden kwaulere akalembetsa pasadakhale, ngakhale kuti mabala ndi malo odyera alimo momwemo. Ena amadandaula kuti kulembetsa ndi kusechedwa pakhomo kumachotsa ufulu wa paki yeniyeni, ndipo ali ndi mfundo. Komabe chitsanzocho chikuonetsa kuti chilolezo chomanga nyumba yaitali chingabwere ndi ngongole kwa anthu wamba. Maola ena masana, kapena mbali ina ya denga, ingakhale yoti munthu akwere, aone, atsike, osagula kanthu.

Wina anganene kuti zonsezi n'zokoma papepala, koma malamulo a usiku amafa chifukwa owalemba amakhala ali mtulo pa nthawi imene akuswedwa. Ameneyo wagunda pomwe pali vuto. Mizinda ina yayesa kutseka mpata umenewu poika munthu woyang'anira za usiku. Amsterdam inatchuka ndi udindo wa meya wa usiku, London inasankha Amy Lamé mu 2016 kuti akhale pa udindo wofanana nawo, ndipo New York inakhazikitsa ofesi yoona za zisangalalo za usiku mu 2017. Maudindo amenewa alibe mphamvu zambiri zolamula, ndipo ena amawanena kuti amakondera amalonda, koma amapatsa woyandikana ndi bala ndi mwini bala malo okumanirana nkhani isanafike kukhoti. Mzinda umene sungathe kulemba munthu wotere ungathebe kuchita chinthu chaching'ono chimene chimasintha zambiri, chomwe ndi kusintha nthawi yoyendera. Woyendera amene amafika Lachiwiri m'mawa amapeza denga losesedwa, masipika ozima, masitepe opanda kanthu, ndipo amasaina fomu yake mokondwa. Abwere Loweruka pakati pa usiku, osachenjeza. Ayambire m'chipinda chogona cha amene anadandaula, ndi makina oyezera phokoso m'manja, windo lili chitsekere. Kenako awoloke msewu, afunse baunsa kuti pamwamba pali anthu angati, ndipo akwere kudzera pamasitepe, osati pachikepe, kuti adzionere yekha chimene chili kuseri kwa chitseko chomaliza. Akapeza zolakwika kawiri, chilango chisakhale chindapusa chimene bala imabweza ndi malonda a ola limodzi. Chikhale kutseka dengalo Lachisanu ndi Loweruka lotsatira, bala ya m'kati ikugwirabe ntchito.